Nkhoswe ya m'Botolo

Ku Groningen mvula sigwa, imangolendewera,
kunyowetsa munthu mwaulemu.
Wietske amafika seveni isanakwane,
njinga atamangirira pamlatho, nsapato zikulira madzi.

Ine ndimatsuka mabotolo pano.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.
Ndaona madokotala achinyamata akulowa ndi sutikesi imodzi
n'kutuluka nayo yomweyo, kontrakiti ikatha,
zaka ziwiri, nthawi zina zitatu bwana akapeza thumba.

Uyu ankafuna chitsulo wamba chigwire ntchito ya paladiyamu.
Paladiyamu ndi mwana wa mpondamatiki,
kasupuni kake kamodzi n'lendi yanga.
Chitsulo chili ponseponse, ngakhale pa tcheni cha njinga,
koma n'chamakani: chikangonunkhiza mpweya, chafa.
Ndiye ankapisa mikono m'magolovesi akuda aja
a bokosi lotseka ndi galasi,
ngati mzamba wolandira khanda limene sadzalikhudza ndi khungu.

Tsiku lina, khofi atazizira, anati:
"Tjeerd, katalisiti ndi nkhoswe.
Kaboni uyu ndi uyo amafunana, koma manyazi,
akhoza kuyang'anana zaka chikwi.
Nkhoswe ifika, igwira uyu dzanja, igwira uyo,
banja lamangika, iyo ituluka monga inalowera
kukalumikiza ena.
Pachithunzi cha ukwati simuiona."
Ndinati, nanga imatopa liti?
Anaseka. "N'zimene ndikuyeza."

Januwale, maperesenti asanu ndi awiri.
Febuluwale, ziro. Ziro. Ziro.
Phala lakuda lomata pansi pa botolo,
wolikwecha ndine.
Usiku ankalemba makalata ofunsira ntchito,
Leipzig, Lund, Lausanne,
ena ankayankha mwaulemu ngati mvula ija,
ena zii.

Kenaka Lachinayi lina la Epulo,
makumi asanu ndi anayi, n'kamodzi pamwamba.
Anakuwa mpaka alonda anakwera masitepe.
Pulofesa Dijkhuis anagula keke ya maapozi,
akutchula kale mayina a magazini akuluakulu.

Anabwereza Lolemba: zinatheka.
Lachitatu: ziro.
Lachisanu: zinatheka.
Masabata atatu osagona, akusintha chilichonse,
madzi osungunulira, kutentha, ngakhale alumali.
Mpaka anandiitana, chikhatho chili chotambasula.
Pakati pake kamaginito kotakasira, koyera, ngati njere ya nyemba,
kong'aluka pang'ono m'mbali.
M'mng'alumo munabisala paladiyamu wa munthu wina
amene anachoka kuno zaka zisanu zapitazo.
Chitsulo chake sichinagwire ntchito.
Nkhoswe yakale ndiyo inkamangitsa mabanja mumdima.

Kamaginitoko ndinakatsuka ndine.
Kangati, sindikudziwa.

Amene ankadziwa tinali awiri.
Kontrakiti ikutha Ogasiti.
Ndinayang'ana pansi, ndikumva mafiriji akung'ung'udza.
Iye anavula magalasi oteteza maso,
pamphuno patatsala mzere wofiira,
anakaika m'kathumba ka pulasitiki, n'kulembapo deti,
n'kukagogoda kwa Dijkhuis.
Chitseko chinatsekedwa mphindi makumi anayi.
Keke panalibe.

Tinagula timaginito tatsopano, bokosi lathunthu.
Juni yense, Julaye yense.
Chitsulo chokha, popanda wochithandiza mseri,
chinafika makumi atatu ndi asanu ndi atatu.
Zochepa, anatero, koma n'zanga.
Anazilemba pamodzi ndi nkhani ya mng'alu ija,
kuti wina ku Osaka kaya ku Porto asataye miyezi yake.
Kumapeto, pa mizere yothokoza, anaikapo dzina langa.
Sindikudziwabe ngati linayenera.

Anapita ku Lund, zaka ziwiri zinanso.
Njinga anagulitsa kwa mnyamata wa ku Izmir
amene watenga tebulo lake,
amene dzulo wandifunsa kumene timasunga timaginito.

Ndamupatsa katsopano, kali m'pepala lake.
Kakale kaja kali m'thumba la jekete langa,
ndikamayenda kamamatirira kumakiyi.